Mwana Wanga Amadya Chinangwa Chokha

Tsiku limene zinamveka kuti mwana wanga wamkazi wasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko, anthu anadzaza pakhomo ngati pali ukwati. Amayi ake anavina mpaka chitenje kumasuka. Apongozi anga, amene chilowereni m'mudzi mwawo anali asanandiyamikirepo ngakhale pa nkhuku, anatuma mkazi wanga kudzandiuza kuti mwina nzeru za mwanayo, pang'ono pokha, watengera kwa ine. Ine ndinakhala pa njinga pansi pa mtengo wa mapeyala, phazi limodzi pansi, ndikumwetulira monga mwini nkhani. Koma mumtima ndinali ndi funso, ndipo nditayang'ana mwiniwakeyo, amene anaima pakhomo la khitchini atagwira chigongono chake chowonda, ndinaona kuti nayenso ali nalo. Kumeneko akadya chiyani?

Ine ndine venda wa pamsika wa Limbuli. Ndinayamba nthawi imene zipani zinachuluka ndipo aliyense wokhala ndi njinga anayamba kudzitchula wabizinesi. Ndagulitsapo nandolo, chimanga, zitenje, mabatire, mapoto, ngakhale nsapato zimene yakumanja inali yaikulu pang'ono kuposa yakumanzere, ndipo amene anazigula amandipatsabe moni. Ntchito yanga yeniyeni ndi pakamwa. Pamsika mawu akuti “ayi” si yankho, ndi moni. Munthu akati ayi, ndiye kuti akukuuza kuti khala pansi ticheze. Umaseka, umamutchula achimwene kapena alamu, umanyoza katundu wake pang'ono, kenako umayamba kuchoka uku ukutsimphina ngati mwendo ukupweteka, kuti akuitane usanafike patali. Ayi weniweni ndinamuphunzira kwa amayi a ku Mozambique obwera ndi nandolo pamutu kudutsa pa Muloza. Mayi wotere akasiya kukuyankha, n'kuwerama, n'kuyamba kumanga thumba lake kukamwa, nkhani yatha. Ungamutchule mfumukazi, ungalire, sacheukanso. Koma thumba lisanamangidwe, panalibe ayi amene ndinkamuopa.

Ndiye Mulungu, amene nayenso amadziwa kuseka, anandipatsa mwana wa ayi.

Zinayamba atangosiya bere. Ine ndinakulira m'malayini a pa esiteti, komwe bambo anga ankathyola tiyi amene sankamumwa ndi mkaka, ndipo ife tinkagonera makaka, chinangwa chouma chija cholimba ngati nkhuni. Ndinalumbira kuti ana anga sadzadziwa makaka. Choncho bizinesi itangoyamba kuyenda ndinkabwera ndi pau, buledi wa tsidya lija la Mozambique wa khungu lolimba, nditamumangirira pa kaliyala pamwamba pa katundu kuti mudzi wonse uone. Ndinkagulanso mkaka wa ufa, nthawi zina mandasi. Abale ake a mwanayu ankadya chilichonse chimene sichikuthawa. Iye ankayang'ana pau, n'kutseka pakamwa, n'kuika manja kumbuyo.

“Luma kamodzi kokha,” ndinkatero, “mawa ndikubweretsera riboni.”

“Ayi, ababa.”

“Riboni ndi masokosi.”

“Ayi.”

“Chabwino, usalume. Nyambita.”

Amayi ake ankaseka ali kukhitchini. “Inu, mwanayo sakugulitsa nandolo.”

Ndinkaimirira n'kuyerekeza kupita nako kachidutswako kwa ana a oyandikana nawo, pang'onopang'ono, ndi kutsimphina kwanga kwa pamsika kuja. Sankandiitana.

Nthawi zina ankagonja, makamaka ndikatulutsa chida changa chomaliza, chomwe ndi kukhala chete ndi nkhope ya munthu wolakwiridwa. Ankadya kachidutswa, n'kumwera tiyi wa mkaka atatsinzina ngati akumeza mankhwala a malungo. Ine ndinkapita kumsika ndikuimba likhweru. Pobwera ndinkamupeza atagona pamkeka kuseri kwa nyumba, mawondo atawapinda mpaka pachifuwa, mimba itafufuma n'kulimba ngati ng'oma. Amayi ake ankati watha tsiku lonse panjira ya kuchimbudzi. Mkati mwa zigongono munkatuluka tizidzolo toyabwa. Ndipo tonse, ine, amayi ake ndi apongozi, tinkagwirizana chimodzi: mimba yake sinazolowere zabwino. Chinthu chosazolowereka umachibwereza mpaka chizolowereke. Kasitomala aliyense amayamba ndi kudandaula.

Mwana sanatsutsane nafe. Anangoyamba kuchotsa zinthu m'mbale yake chimodzichimodzi. Anasiya nyemba. Anasiya ndiwo zotendera. Anasiya chilichonse chokazinga, kenako chilichonse chimene sanachione ndi maso ake chikulowa mumphika. Zotsala zinali chinangwa chophika, mbatata, nthochi, mpunga wopanda kanthu, ndi nsima ngati ndiwo yake ndi chigwada, masamba a chinangwa aja, cha mchere wokha. Ku ukwati, ana anzake akulimbirana mpunga wa nyama, iye ankakhala manja ali pamiyendo ngati mlendo wolemekezeka amene wadya kale kwina.

Tsiku lina tinapita naye kwa mlongo wanga ku Chinakanaka. Azakhali akewo anamuphera nkhuku, iyeyo, n'kumuikira ntchafu m'mbale. Mwana anathokoza mwaulemu, atagwada, koma sanaikhudze. Mlongo wanga anayang'ana mbale, anayang'ana ine.

“Achimwene, munamuuza chiyani mwanayu za kwathu kuno? Kuti timaika mankhwala m'ndiwo?”

“Ndi mmene alili, achemwali. Ngakhale kwathu sadya.”

“Mwana sakhala mmene alili. Amakhala mmene amuuzira amayi ake.”

Ntchafuyo ndinadya ndine, kuti nkhuku isafe pachabe, koma sizinathandize. Mlongo wanga sanapondenso pakhomo pathu mpaka mvula ina.

Kwathu kuno mwamuna amakhala kwa mkazi, ndipo mwini mwana ndi amalume ake. Choncho alamu anga, mchimwene wa mkazi wanga, anandiitanitsa pakhonde pawo, akuluakulu ena ali pomwepo. Mwana wowonda miyendo, wotupa mimba, kwa iwo inali nkhani yodziwika: tsempho, matenda amene amati amagwira mwana bambo ake akayenda ndi mkazi wina n'kubwera kudzadya m'nyumba ngati palibe chachitika. Nanga m'mudzimo ndani ankagona tsidya lija podikira katundu?

“Alamu, tangonenani,” anatero. “Sitikumenyani. Tikungofuna mwana achire.”

“Alamu, tayang'anani nkhope yangayi bwinobwino. Mchemwali wanu yekha ndi amene anagula katundu ameneyu, ndipo mpaka lero akufuna kubweza.”

Palibe anaseka kupatula mkazi wanga, amene anabisa pakamwa ndi chitenje. Ndinamwa mankhwala awo owawa. Mwananso anamwetsedwa ake atamugwira mphuno, n'kuwasanza onse. Kwa miyezi ingapo amayi a pachitsime ankandiyang'ana ndi ulemu watsopano umene sindinaugwirire ntchito.

Kuchipatala anatipatsa mankhwala a njoka za m'mimba. Ulendo wotsatira anatipatsanso a njoka. Ndinawauza adokotala kuti ngati m'mimbamo mukadali njoka, ndiye kuti zinagula malo. Kenako anatiitanira m'kachipinda, natseka chitseko, n'kufunsa mofatsa ngati tingalole kuyezetsa magazi, tonse atatu. Zaka zimenezo maliro sankatha m'midzi, ndipo anthu akaona mwana wowonda ankayang'ana kaye mwanayo, kenako makolo ake. Tinayezetsa. Sanapeze kanthu. Ndinatuluka ndikusangalala mpaka pa geti, pomwe ndinakumbukira kuti mwana ndamugwira dzanjayu akadali wowonda momwemuja.

Kenako kunabwera chaka cha njala chija, chimene chimanga chinasowa ngakhale kwa ife odziwa komwe zinthu zimabisala. Bizinesi inagona. Pau ndi mkaka zinatha m'nyumba, nyemba zinasowa, mtedza tinadya ngakhale wa mbewu. Apongozi anali ndi munda wa chinangwa kumtunda umene ndinkaunyoza, ndipo ndinapitako ndi khasu, mutu uli pansi. Tinabwerera ku makaka aja ndinawalumbirira. M'mawa chinangwa, madzulo nsima ya makaka ndi chigwada, nthawi zina nthochi zosapsa zophika. Tonse tinachepa. Lamba wanga ndinamuboola mabowo atsopano ndi msomali.

Mwana wanga yekha ananenepa. Masaya anatuluka, tsitsi linada, zidzolo zinauma, ndipo tsiku lina ndinamupeza akusewera fulaye ndi anzake, akudumpha mpira ngati kambuzi, iye amene ankangokhala pamthunzi kusunga masilipasi a ena. Anthu anayamba kunong'ona kuti venda uja wabisa chimanga kudenga ndipo akudyetsa mwana mmodzi. Alamu anga anabwera kudzacheza, ndipo macheza onse anawachita maso ali kudenga.

Amene anatchula nkhaniyo ndi mkazi wanga, tikusenda chinangwa pakhonde.

“Inu, mwaona kuti chiyambireni njalayi mwanayu sanagonepo kuseri kuja?”

“Ndaona.”

“Ndiye chimamudwalitsa ndi chimene chasowa.”

“Chiti? Zasowa zambiri.”

Anapitiriza kusenda. Pau, mkaka, nyemba, mtedza, mafuta ophikira, zonse zinachoka pamodzi ngati anthu otsika minibasi imodzi, ndipo ife tinatsala tikupapasa m'thumba osadziwa kuti wakuba anali uti.

Njala itatha ndinaganiza zobwezera zinthuzo chimodzichimodzi, monga momwe umayesera mabatire mu wailesi kuti upeze lakufa. Ndinamufotokozera mwana nzeru imeneyi bwinobwino, ndi basera pamwamba: diresi la Khirisimasi. Anamvetsera mpaka kumapeto.

“Ababa, mukufuna ndidwale kuti inu mudziwe?”

“Pang'ono pokha,” ndinatero.

Nditamva mawu anga omwewo ali panja pa kamwa, nkhani ya mabatire ndinaisiya. Tinamugulira kapoto kakekake, ndipo kuyambira pamenepo ankadziphikira pambali pa mphika wa banja. Anakula wochepa thupi koma wolimba, ndipo m'kalasi panalibe womupitirira. Anzanga a pamsika ankandiseka kuti munthu amene amatsitsa mtengo wa mbuzi mpaka mwini mbuziyo kupepesa, wagonja kwa kamtsikana kosafika pa sikelo. Ndinkaseka nawo. Zinthu zinali kuyenda. Kapoto kaja kanali pangano labwino kuposa onse amene ndinachitapo, ndipo sindinaganizepo kuti pali malo amene kapoto sikaloledwa kulowa.

Sekondale yogonera si chinthu chimene mwana wa venda amakana. M'mudzi mwathu panalibe mtsikana amene anapitako. Iye mwini ankaifuna kuposa ife tonse, poti maso ake anali pa unamwino. Tinamugulira sutikesi, matiresi ndi ndowa, ndipo amayi ake anadzaza thumba ndi mbatata, chinangwa, nthochi ndi ufa wa makaka, kapoto kali pamwamba. Ulendo wake unali wosintha minibasi panjira kuchokera pa Chitakale. Pa geti, amatironi, mayi woyang'anira atsikana, anamasula thumbalo, natulutsa kapoto, n'kukagwira m'mwamba ngati mbewa yakufa.

“Izi akaphikira kuti?”

“Paliponse pali moto, mayi.”

“Ana saphika pano, bambo. Chakudya chilipo chokwanira aliyense.”

Chinalipodi. M'mawa phala kapena tiyi ndi buledi, masana nsima ya nyemba, madzulo nsima ya nyemba, ndipo pa tsiku labwino kabichi wokazinga. Analola nthochi zokha. Ine ndinazembera kuseri kwa khitchini, komwe ndinapeza akuku, mkulu wophika wa maso ofiira ndi utsi. Apa ndiye ndinali kwathu. Tinayamba ndi ayi, tinadutsa pa achimwene, tinafika pa jekete limene ndinavala. Ndinabwerera kumudzi ndikumva mphepo, koma titagwirizana kuti aziwiritsa zidutswa za chinangwa pambali pa moto, mwana azitengera pakhomo la kuseri. Ndinauza mkazi wanga kuti nkhani ndaimaliza.

Inayenda masabata ochepa. Atsikana anzake anaona. Pofika tsiku loyendera ana ndinamva kuti theka la hositelo layamba kudwala nyemba, ndipo onse akufola pakhomo la kuseri. Akuku anachenjezedwa. Atandiona ndikubwera analowa mu utsi, jekete langa lili pathupi.

Mwana wanga ndinamupeza atakhala pa benchi, yunifolomu ikulendewera ngati yobwereka. Mkati mwa zigongono munali mutang'ambikang'ambika.

“Ukudya chiyani?”

“Nsima.”

“Ndi chiyani?”

“Ndi mchere.”

Masiku ena njala ikakula ankadya nyemba kapena buledi, akudziwa kuti mawa lake salowa m'kalasi. Anzake ankamutchula mwana wa nduna, wonyada, woti chakudya cha anthu wamba sichimutsika. Ananena zimenezi popanda msozi, akudya mbatata imene amayi ake anaphika m'mawa, pang'onopang'ono, mpaka makoko omwe.

Aphunzitsi aakulu anali munthu wabwino, zimene zinandivuta kwambiri, chifukwa munthu woipa umadziwa pomugwira. Anandipatsa mpando. Ndinayambira kutali monga mwa ntchito. Ndinayamikira maluwa a panja, ndinapempha chachikulu kuti nditsikire pa chaching'ono: kaye kuti mwana aziphika yekha, kenako kuti azingotenthetsa pa mbaula ya amatironi, kenako chinangwa chowiritsa kamodzi patsiku, ine ndizibweretsa.

“Bambo,” anatero, “pano palibe mwana amene amakonda nyemba. Ndikalola wanu chifukwa choti sazifuna, mawa bwalo lonseli ladzaza mapoto.”

“Si kusafuna, aphunzitsi. Zimamudwalitsa.”

“Matenda ake ndi otani?”

“Mimba imafufuma, amatsekula, khungu limayabwa.”

“Ndikufunsa dzina lake. Tili naye mwana wa shuga, tili naye wa zilonda za m'mimba. Amenewo amadya zawo ndipo palibe amadandaula, chifukwa adokotala anatchula matendawo. Bweretsani dzina, ine ndidzaimirira pamaso pa sukulu yonse n'kuwauza anzake kuti amusiye.”

Ndinatuluka ndi mphamvu. Thumba anali asanamange. Dzina ndi chinthu, ndipo chinthu chilichonse chili ndi pomwe chimapezeka.

Adokotala amene ndinawapeza ulendo uwu anali aang'ono kwa ine, otopa, mzere wa odwala utafika pa mtengo wa panja. Anandimvetsera mpaka kumapeto, nkhani ya njala ndi yonse. Anati zimene ndikunenazo zimachitikadi. Pali anthu amene thupi lawo siligwirizana ndi mkaka, ena tirigu, ena nyemba kapena mtedza, ndipo mwana amene chakudya chamupweteka kawirikawiri amayamba kuopa ngakhale zimene sizingamupweteke.

“Eya, chimenecho,” ndinatero. “Lembani chimenecho.”

“Chiti?”

“Chimene chili pafupi.”

Anamwetulira. “Bambo, sindinamuyeze, ndipo zoyezera zimenezo kuno tilibe. Njira imene ndingakuuzeni ndi yoti azidya chimodzichimodzi, ife tizimuona.”

“Imeneyo anaikana ali wamng'ono.”

“Ndiye ndilemba kuti chiyani?”

“Lembani zilonda za m'mimba. Dzina limenelo akulidziwa kale kusukuluko.”

“Alibe zilonda za m'mimba. Ndikalemba, tsiku lina adzadwalira kwina, ndipo wina adzamupatsa mankhwala a matenda amene alibe.”

Ndinayesa zonse. Ndinawatchula achimwene. Ndinanyoza chipatala pang'ono. Ndinawauza za unamwino, kuti mwanayu tsiku lina adzawathandiza pa mzere uwu. Anandilembera kapepala koti mwina pali zakudya zina zimene sizimuyanja, n'kunena kuti kupitirira apo likhala bodza. Ndinaimirira, ndinatsimphina mpaka pa chitseko. Anaitanadi, koma anaitana wotsatira.

Aphunzitsi aakulu anawerenga kapepalako kawiri, n'kundibwezera ndi manja awiri. “Bambo, ‘mwina’ ameneyu mtsikana aliyense pano angamupeze.”

Pa tchuthi tinapita ku Blantyre, kwa adokotala olipira. Mtengo umene ananena unandichititsa kufunsa ngati akugulitsa chipatala chonse. Ndikanagulitsa njinga, ndikanagulitsa malata, koma anawonjeza kuti kuti zina zioneke m'magazi, mwana ayenera kukhala akudya chinthucho kwa nthawi ndithu, ndipo ngakhale atatero sangalonjeze kuti dzina lituluka. Ndinayang'ana mwana wanga. Anali atanenepako kale ndi masabata ochepa odziphikira yekha kunyumba. Anayang'ana pansi, manja ataika kumbuyo, monga muja ankachitira ndi pau.

Teremu yachiwiri anabwerera yekha mwa kufuna kwake. Amayi ake anamuletsa, iye anati akalimba. Ine ndinayamba kusiya msika Loweruka kuti ndimupititsire zophikaphika, koma chinangwa chophika sichichedwa kusasa, ndipo sabata ndi yaitali. Ulendo uliwonse ndinkamupeza atachepa. Amene kumudzi ankakhala woyamba anayamba kusinza m'kalasi, ndipo aphunzitsi ake a sayansi anandifunsa mokoma mtima ngati kunyumba kuli mavuto. Ndinati kunyumba kulibe. Mavuto ali m'mbale.

M'minibasi pobwerera ndinkawayang'ana anthu akudya mandasi, akumwera zoziziritsa, akupukuta pakamwa ndi dzanja, osadziwa kuti ali ndi mwayi. Ndinkawerenga m'mutu anthu onse amene ndinawagonjetsapo ndi pakamwa panga, asilikali a pamalire, amwenye a m'masitolo, amayi a nandolo, n'kumadzifunsa kuti apa ndinenerere kwa yani. Aphunzitsi sanalakwe. Adokotala sanalakwe. Mwana sanalakwe. Pamsika pamakhala munthu mmodzi amene wagwira mtengo, umamupeza n'kuyamba naye. Apa ndinazungulira ponse osamupeza.

Uthenga unafika pa foni ya alamu anga, tsiku la pakati pa sabata: mwana wagwa pa mzere wa m'mawa, wadzuka, koma makolo abwere. Njira yonse ndinakonza zokanena. Kuseri kwa mpanda wa sukulu kunali mayi wina wogulitsa zitumbuwa, ndipo ndinali nditamuona kuti ndi munthu womva. Akanamaphika, n'kumapereka pa mpata wa waya. Kapena ndikanasamukira komweko ndi bizinesi yanga, nanga anthu a kumeneko sagula mabatire?

Amatironi anandilola kulowa mu hositelo poti atsikana ena anali m'kalasi. Ndinamupeza atakhala pa bedi, matiresi atawapinda kale.

“Tamvera, mayi wanga, ndapeza njira. Kuseri kwa mpanda kuli mayi wina.”

“Ababa.”

“Chabwino, za mayiyo tizisiye. Ungopirira mpaka mayeso a teremu ino, kenako tiona.”

Anangondiyang'ana, ndipo ine ndinatsitsa mtengo.

“Mwezi uno wokha. Ndizibwera kawiri pa sabata.”

Iye anawerama, natenga thumba lija tinabwera nalo ndi mbatata tsiku loyamba, n'kuikamo makope ake, nsapato za sukulu ndi kapoto kamene amatironi anamubwezera m'mawa womwewo. Anakoka kachingwe pansi pa bedi n'kuyamba kumanga thumbalo kukamwa. Anamanga bwino, akuzungulizazunguliza, n'kukoka mfundo ndi mano, ndendende ngati amayi a pa Muloza. Pakamwa panga panali patatsala mawu ambiri, abwinoabwino, ena oti sindinawagwiritsepo ntchito. Ndinanyamula matiresi.

Pa siteji ya Chitakale, podikira minibasi ya ku Limbuli, ndinamugulira chinangwa chowiritsa kwa mayi wina amene amandidziwa kalekale. Anatchula mtengo, n'kugwira m'chiuno kudikira nkhondo. Ndinapereka.

“Achimwene, mwadwala?”

“Ayi, mayi. Thirani mchere.”

Mwana anadya atakhalira thumba lake, phiri lili kumbuyo kwake litafunda mtambo. Ine ndinkaganiza za anthu aja anavina pakhomo, ndi mmene atiyang'anire tikamalowa m'mudzi matiresi ali pamutu. Atamaliza anapukuta manja pa siketi ya yunifolomu.

“Ababa, sekondale yoyendera ya kwathu ija, malo angapezeke?”

“Amenewo ndikanenerera.”

Malowo anapezeka. Unamwino sunapezeke, poti sukulu yoyenderayo sayansi ankaphunzira pa bolodi pokha, ndipo mayeso atatuluka anatsala pang'ono, pang'ono poti munthu ungalire. Lero ndi mayi wa ana ake, ndipo kapoto kake kamakhala pambali pa mphika wa banja. Akamufunsa kuti amadwala chiyani amati sadwala, amangosankha, ndipo anthu amamukhulupirira. Ine ndikadali pa Limbuli. Ndikamva munthu wochokera kutauni akutchula matenda a m'mimba a dzina lachilendo, ndimasiya kasitomala ali chiimire, n'kumulondola munthuyo kuti alitchulenso pang'onopang'ono.